Ngozi za moto ndi ntchito yozimitsa moto m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota

Ntchito yozimitsa moto m'Malawi ili m'manja mwa makhonsolo. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998, limodzi ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu imene inabwera chaka chomwecho, linatula kwa makhonsolo ntchito zambiri zokhudza moyo wa tsiku ndi tsiku: misika, ukhondo, misewu ing'onoing'ono, ndi thandizo la pangozi monga kuzimitsa moto. Makhonsolo amasiyana pa zida ndi ndalama. Magulu ozimitsa moto okhazikika, okhala ndi malo awo, magalimoto awo ndi antchito osinthana usana ndi usiku, amapezeka m'mizinda inayi ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Ena ali pa mabwalo a ndege a Kamuzu ndi Chileka, koma amenewo ntchito yawo ndi kudikira ndege, ndipo sachoka pabwalo wamba. Maboma ambiri akumidzi moto ukabuka amadalira anthu eni ake, apolisi ndi makampani a m'deralo.

Boma la Nkhotakota linali ndi anthu oposa 390,000 pa kalembera wa 2018. Ambiri mwa iwo amakhala pakati pa nyanja kum'mawa ndi nkhalango ya Nkhotakota kumadzulo, motsatira msewu wa M5 kuyambira ku Benga, kudutsa Chia, pa boma, Bua, Liwaladzi ndi Dwangwa mpaka ku Dwambazi. Mwa mizinda inayi ija, woyandikira pa boma ndi Lilongwe, umene uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 200 kudzera ku Salima. Galimoto yodzaza madzi ndi yolemera ndipo siyithamanga ngati minibasi; ulendo wotere ndi wa maola atatu kapena kuposa. Nyumba ya udzu ikagwira moto, denga limagwa m'mphindi zowerengeka. Choncho funso loyamba ku Nkhotakota ndi lakuti anthu amene ali pamalopo achita chiyani m'mphindi zisanu zoyambirira, chifukwa wochokera kutali adzangopeza phulusa.

Mmene ozimitsa moto amagwirira ntchito

Galimoto yozimitsira moto imanyamula zinthu zitatu: madzi, pampu, ndi anthu ophunzitsidwa. Thanki yake nthawi zambiri imalowa malita a pakati pa 2,000 ndi 5,000, madzi amene pampu yamphamvu imawatha m'mphindi zochepa. Akatha, pamafunika mpope wapadera wa m'mbali mwa msewu wolumikizapo mapaipi, kapena dziwe, mtsinje kapena nyanja yopopamo. M'mizinda vuto limakhala pomwepa. Laibulale ya Yunivesite ya Mzuzu inapsa pa 18 Disembala 2015 ndi mabuku pafupifupi 45,000, mumzinda umene uli ndi gulu lake lozimitsa moto. Nyumba yosungiramo katundu ya bungwe loyendetsa zisankho inapsanso mu Julaye 2014 ku Lilongwe. Kukhala ndi galimoto pakokha sikupulumutsa nyumba ngati uthenga wafika mochedwa, njira ndi yopanikizika kapena madzi atha.

Ku Nkhotakota zinthu n'zotembenuka. Madzi ndi mbwee: nyanja, dziwe la Chia, mitsinje ya Bua, Kaombe ndi Dwangwa. Chosowa ndi pampu ndi mapaipi zoti madziwo afike pa denga. Pa boma ndi ku Dwangwa pali madzi a m'mipope a bungwe la Central Region Water Board, koma mpope wapakhomo umatulutsa madzi odzaza ndowa, osati ozimitsa msika. Ku Dwangwa kuli mafakitale awiri akuluakulu, ya shuga ya Illovo ndi ya ethanol ya Ethco. Lamulo la 1997 loona za chitetezo ndi umoyo pa malo a ntchito limakakamiza malo otere kukhala ndi zida zozimitsira moto ndi njira zothawira. Koma zida za kampani zimagulidwira fakitale ndi minda yake. Anthu oyandikana nazo akathandizidwa, n'chifukwa cha ubale wabwino, ndipo ku Benga kapena ku Mwansambo thandizo lotero ndi lakutali.

Manambala a dziko lonse oimbira pangozi ndi 997 ya apolisi, 998 ya ambulansi ndi 999 ya ozimitsa moto. Kwa munthu wa kunyanja, nambala yothandiza msanga ndi ya polisi yapafupi, monga ya pa boma kapena ya Nkhunga, ya chipatala chapafupi, ya ofesi ya ESCOM yoti adule magetsi, ndi ya wakabaza wodalirika.

Nyengo ndi mphepo

Moto umafuna zinthu zitatu kuti uyake: chouma choti unyeketse, mpweya, ndi kutentha. Kunyanja zonsezi zimakumana m'chilimwe. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumawomba mwera, mphepo yamphamvu yochokera kumwera chakum'mawa imene imatsekereza asodzi kumtunda masiku angapo. Ndi nyengo yozizira, choncho anthu amaotha moto, amalowetsa mbaula m'nyumba, ndipo ana amakhala mozungulira mafuwa. Kuyambira Seputembala mpaka mvula yoyamba udzu wa padenga, mipanda ya tsekera ndi tchire zimakhala zitauma gwaa. Nthethe imodzi yotengedwa ndi mphepo imatha kulumpha bwalo lonse n'kukatera pa denga la mnansi. N'chifukwa chake moto wa m'midzi ya kunyanja kawirikawiri sulekera nyumba imodzi: umatsata kumene mphepo ikulowera.

Kumene moto umayambira

Khitchini ndiye gwero lalikulu. Mabanja oposa 9 mwa 10 aliwonse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala. Khitchini yambiri ya kumudzi ndi yaifupi, yofolera ndi udzu wodzaza mwaye, ndipo pamwamba pa moto pamakhala nsanja youmitsira nkhuni, nsomba kapena chinangwa cha kondowole. Mayi akasonkhezera moto n'kupita kumjigo, malawi sachedwa kufika pa nsanja, nsanja n'kupatsira denga. Phulusa nalo limanyenga. Looneka lozima pamwamba limasunga makala amoyo kwa maola ambiri, ndipo likatayidwa kudzala pafupi ndi mpanda, mphepo ya masana imaliutsa. Kutuma mwana kukapala moto pa chiphale kapena ndi muuni wa udzu tsiku la mwera ndi chizolowezi chimene chatenthetsa nyumba zambiri pofuna kupulumutsa kamtengo kamodzi ka machesi.

Pa zounikira pali kusintha kwabwino kumene sikutchulidwa kawirikawiri. Nyali ya koloboyi, imene inkagwa n'kumwaza palafini woyaka pamphasa, yachepa kwambiri chifukwa cha matochi a mabatire, mafoni ndi nyali za sola. Chatsala ndi kandulo, makamaka m'nyumba za magetsi akathima. Kandulo yomatidwa pa tebulo la matabwa, pa chigubu kapena pa mutu wa bedi ikatha imayatsa chimene yakhalapo. M'chipinda mumakhala neti yoteteza udzudzu, matiresi a siponji ndi makatani, zonse zoyaka msanga. Neti imasungunuka n'kumatirira pa khungu, pamene siponji imatulutsa utsi wakuda wakupha. Kunyanja malungo ndi ochuluka, neti siyochotsa. Chochotsa m'chipinda ndi kandulo, ndudu, ndi mankhwala ofukiza udzudzu oikidwa pafupi ndi nsalu.

Magetsi afika m'malo ambiri a malonda kudzera mu ndondomeko ya MAREP, ndipo abwera ndi ngozi zake. Yodziwika kwambiri ndi ya magetsi othimathima: munthu amasiya simbi kapena mbaula yamagetsi ili yoyatsa, magetsi n'kubwera iye atachoka kapena atagona. Ina ndi yokoka magetsi kuchokera nyumba ina kupita ina ndi mawaya ang'onoang'ono okwiriridwa mumchenga, olumikiza ndi mapepala a pulasitiki. Waya wochepa ukanyamula firiji, ketulo ndi simbi nthawi imodzi umatentha mpaka chikopa chake kusungunuka. Fyuzi ndi chida chothimitsa magetsi chokha zinaikidwa kuti zidule magetsi zisanafike pamenepo. Wozimanga ndi waya wokhuthala kuti zisamathime wachotsa mlonda wa nyumba yake. Bungwe la MERA ndilo limapereka ziphaso kwa amisiri a magetsi, ndipo mwini nyumba ali ndi ufulu wofunsa chiphasocho. Sola nayo si yongoiona mopepuka. Batire lalikulu lolumikizidwa popanda fyuzi, mawaya ake akakhudzana amafiira nthawi yomweyo, ndipo kawirikawiri amakhala atadutsa mu udzu wa padenga.

Petulo ndiye ngozi imene yakula kwambiri m'mbali mwa nyanja. Maboti a injini sangapite pa malo omwetsera mafuta, choncho eni ake amagula m'zigubu. Akabaza a njinga zamoto, eni majenereta ndi alimi a mapampu a m'madimba nawonso amasunga. Nthawi za kusowa kwa mafuta, monga 2011 ndi 2012 komanso kuyambira 2022, malonda a petulo wa m'mabotolo amafalikira m'mbali mwa msewu, ngakhale MERA imaletsa kugulitsa mafuta popanda chiphaso. Poopa akuba ndi apolisi, zigubuzo zimagona m'nyumba, nthawi zina kunsi kwa bedi.

Ambiri amaganiza kuti petulo amayaka pokhapokha moto utamukhudza. Chimene chimayaka ndi mpweya umene amatulutsa, ndipo amautulutsa ngakhale kukuzizira. Mpweyawu ndi wolemera kuposa umene anthu amapuma, choncho sukwera kudenga. Umayenda pansi, kudutsa pansi pa chitseko, mpaka kukapeza mbaula kapena kandulo m'chipinda china, moto n'kubwerera motsata njira yomweyo kukafika pa chigubu. Kutsanula petulo usiku mounikira ndi kandulo kapena machesi ndi kumene kumavulaza banja lonse nthawi imodzi. Chigubu chimene mwangotha petulo n'choopsanso, chifukwa chimakhala chodzaza mpweyawo. Palinso ngozi yosokoneza: petulo wosungidwa m'botolo la zakumwa amatha kuthiridwa mu nyali kapena pa makala poganiza kuti ndi palafini. Kuuza msodzi kuti asasunge mafuta n'kutaya nthawi, popeza ndiye ntchito yake. Chotheka n'chakuti mafuta akhale m'kanyumba kakekake, kamthunzi, kolowa mphepo, kotalikirana ndi khitchini ndi mogona, ndipo azitsanulidwa panja, masana kapena ndi tochi.

Madoko ali ndi vuto lawolawo. Nyengo ya usipa ikafika, alovi ndi ogula nsomba ochokera kutali amamanga misasa ya udzu ndi mapepala a pulasitiki mothithikana pamchenga. Pakati pa misasayo pali matandala oyanikapo usipa, moto wofutsira, mauvuni owambira chambo, kampango ndi mlamba, ndi ziwaya zazikulu za mafuta okazingira. Pomwepo pali maukonde a nayiloni, zigubu za petulo, ndi malo omwera mowa. Moto wowambira nsomba umasiyidwa usiku wonse, ndipo mafuta a nsomba akamadonthera pa makala umalilima mwadzidzidzi. Anthu ambiri pa doko ndi alendo, sadziwana, ndipo palibe amene amaona kuti udindo ndi wake. Makomiti a m'madoko, amene anakhazikitsidwa potsatira lamulo la za usodzi la 1997, ali kale ndi mphamvu zoika malamulo a pamalopo mogwirizana ndi mafumu. Ntchito yawo yazolowereka kukhala ya maukonde oletsedwa ndi nyengo yotseka nyanja, koma palibe gulu lina loyenera kuposa iwo kunena kumene kukhale mauvuni, kumene kukhale mafuta ndi kumene kukhale mogona.

Moto wolusa wa kutchire umabwera kuchokera kumtunda. Osaka mbewa, ofula njuchi, ootcha makala ndi ososa m'minda amayatsa n'kuchoka. Akuluakulu anati moto umapita kumene kwatsala tchire, ndipo mudzi umene udzu wafika mpaka kuseri kwa bafa ndi khola wauitana wokha. Oyang'anira nkhalango, monga a African Parks amene anayamba kusamalira nkhalango ya Nkhotakota mu 2015, amadziwa njira ziwiri zakale: kulambula malire, ndi kutentha udzu msanga usanaumitsitse kuti moto wa mu Okutobala usowe chodya. Njira yoyambayo mudzi uliwonse ungaichite ndi makasu mu Juni. Minda ya nzimbe imaotchedwa dala asanadule, ndipo alimi ang'onoang'ono a nzimbe ozungulira Dwangwa amadziwa kuti moto wolowa m'munda nthawi isanakwane umawononga ntchito ya chaka chonse.

Pali moto winanso woyatsidwa ndi dala, pa mkangano wa banja, wa malo, kapena pomuganizira munthu ufiti. Malamulo a milandu ya upandu m'Malawi amauona mlandu wotentha nyumba kukhala waukulu, chilango chake chotha kufika pa kukhala m'ndende moyo wonse.

Kamangidwe ka nyumba ndi mudzi

Chitetezo chotsika mtengo kuposa zonse ndi mpata. Khitchini ikatalikirana ndi nyumba yogona, ndipo ikakhala kumbali imene mwera ukuloza m'malo mokhala kumene ukuchokera, nthethe zimapita kutchire lolambulidwa osati padenga. Mpanda wa tsekera wolumikiza khitchini, nkhokwe, bafa ndi nyumba umasanduka njira ya moto; pafunika kusiya malo odukiza. Mitolo ya udzu wofolera, mapesi ndi mapunthi a mpunga siziyenera kutsamira khoma la nyumba. Mbaula ya dothi ya chitetezo imasunga moto m'kati, siyimwaza nthethe ngati mafuwa, ndipo mphika sugwa wamba mwana akaugunda. Amene amawambira kapena kuphikira pansi pa udzu angachite bwino kuika lata limodzi pamwamba pa moto ngakhale denga lonse litakhala la udzu.

Nyumba ya njerwa ndi malata siyigwira moto wochokera panja msanga, koma ili ndi msampha wake. Zitsulo za m'mawindo zotchinga akuba zimatchinganso mwini nyumba. Khomo limakhala limodzi, lokhomedwa ndi loko, kiyi ili m'thumba la munthu amene wapita kumsika kapena kunyanja. Nkhani zomvetsa chisoni kwambiri za moto m'dziko muno zimakhala za ana otsekeredwa m'nyumba muli kandulo kapena mbaula, makolo atapita kumaliro, kumapemphero a usiku kapena kukagula nsomba m'bandakucha. Nyumba iliyonse ikufunika njira ziwiri zotulukira, kiyi ikhale pamalo amodzi odziwika ndi onse, ndipo mwana wamng'ono asatsekeredwe yekha.

Mbaula ya makala m'chipinda chotseka imapha popanda lawi. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka ndi wopanda fungo, umene umayamba ndi mutu, chizungulire ndi tulo. Ogona samadzuka. Mbaula itulutsidwe panja anthu asanagone, ndipo jenereta isalizidwe m'nyumba. Mabanja a pa boma ndi ku Dwangwa amene ayamba kuphikira gasi azitseka pa silinda pomwe akamaliza. Akamva fungo, atsegule zitseko ndi mawindo osayatsa machesi kapena kukhudza swichi.

Masiku ano moto umasaukitsa kwambiri kuposa kale. Poopa akuba, mabanja ambiri analeka kusunga chimanga ndi mpunga m'nkhokwe. Matumba amakhala m'nyumba momwemo, pamodzi ndi feteleza, maukonde, ndalama za banki mkhonde, ziphaso za unzika ndi masatifiketi a sukulu. Nyumba ikapsa, zapita zonse tsiku limodzi. Mapepala ofunika asungidwe m'chikwama chimodzi pafupi ndi khomo, ndipo ndalama zili bwino pafoni kapena kubanki kusiyana ndi kunsi kwa matiresi.

Moto ukabuka

Choyamba ndi kukuwa ndi kutulutsa anthu, kuyambira ana, okalamba, odwala ndi olumala, kenako kuwawerenga pamalo amodzi. Utsi ndi umene umapha anthu ambiri malawi asanawafike. Umadzaza kumwamba, choncho wotuluka akwawe. Amene watuluka asabwererenso kukatenga katundu. Denga la udzu limagwa lonse nthawi imodzi, ndipo anthu ambiri amapsa pa ulendo wachiwiri wokatenga thumba la chimanga kapena njinga.

Kazimitsidwe kamatengera chimene chikuyaka. Udzu, matabwa, nsalu ndi mapepala zimazima ndi madzi, othiridwa pa tsinde la moto osati pa malawi. Mafuta ophikira akayaka m'chiwaya, madzi ndi mdani: amamira pansi pa mafuta, amawira nthawi yomweyo n'kumwaza mafuta oyaka kumaso ndi kudenga. Chiwaya chivundikiridwe ndi chivundikiro, lata kapena chiguduli chonyowa chofinyidwa, nkhuni zifumulidwe, ndipo chisanyamulidwe. Petulo ndi palafini zimayandama pa madzi n'kumayenda zikuyaka. Mankhwala ake ndi mchenga kapena dothi, zimene kunyanja sizisowa. Pa moto wa magetsi, choyamba ndi kuthimitsa pa swichi yaikulu ya pa mita; kuthira madzi magetsi asanathime n'kudziika pa imfa. Zozimitsira moto za m'mabotolo ofiira, zofunika m'masitolo, m'malo ogona alendo, m'zigayo ndi m'sukulu zogonera komweko, zimagwira ntchito pa moto wongoyamba kumene ndipo zimatha m'masekondi ochepa. Zikakhala zaka osaziyeza zimakhala zokongoletsa khoma.

Nyumba ya udzu imene denga lake lagwira kale moto kawirikawiri siyipulumuka, ndipo madzi ochepa amene alipo asatayidwe pamenepo. Nzeru ya m'midzi pa mfundoyi ndi yolondola: amuna amagwetsa mpanda, amanyowetsa madenga a nyumba zimene zili kumene mphepo ikulowera, ndipo pena amasasula udzu wa nyumba yotsatira kuti moto usowe polumphira. Anthu akaima mzere kuchokera kunyanja kapena kumjigo n'kumapatsirana ndowa, madzi amafika ochuluka kuposa aliyense akamathamanga ndi yake. Pakufunika munthu mmodzi wolamula, kaya nyakwawa, wapampando wa doko kapena wa msika, ndi ena olondera katundu wotulutsidwa, chifukwa kuopa akuba ndi kumene kumabwezera anthu m'nyumba yoyaka.

Zovala zikagwira moto, kuthamanga kumaukoleza. Munthuyo agwe pansi, aphimbe nkhope ndi manja, agubuduke, ena amufunditse bulangete kapena chiguduli, kenako amuthire madzi.

Chilonda cha moto

Thandizo loyamba ndi madzi ozizira oyera, othiridwa mosalekeza kwa mphindi 20. Amachotsa kutentha kumene kukupitiriza kudya mnofu ngakhale moto utazima. Mphete, zibangili ndi malamba zivulidwe thupi lisanatupe, koma nsalu yomatirira pa chilonda isakokedwe. Matuza asaboledwe. Chilonda chiphimbidwe ndi nsalu yochapa bwino, thupi lotsalalo lifunditsidwe, makamaka ngati ndi mwana, ndipo woyamwa apitirize kuyamwa. Mankhwala otsukira mano, mazira, mafuta, mchere, dothi, phulusa, ndowe ndi zitsamba zosinja siziziziritsa chilonda. Zimalowetsa tizilombo, kuphatikizapo ta kafumbata, ndipo achipatala amayamba ndi kuzichotsa, ntchito yopweteka kwambiri kwa wodwala.

Chilonda chachikulu kuposa chikhatho cha wopsayo, cha kumaso, m'manja, kumaliseche kapena molumikizira mafupa, cha magetsi, ndi chilichonse cha khanda chipite kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi munthu amene wapuma utsi n'kusasa mawu, chifukwa kummero kumatha kutupa patapita maola. M'bomali muli chipatala chachikulu cha boma, chipatala cha St Anne's cha mpingo wa Anglican, ndi zipatala zing'onozing'ono monga cha Nkhunga. Opsa kwambiri amatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, kumene chipinda cha odwala zilonda za moto chinatsegulidwa mu 2011. Cha ku Queen Elizabeth ku Blantyre chinayamba mu 1993. Zimene zipatalazi zakhala zikuona n'zakuti ambiri ogonekedwa ndi ana aang'ono, opsa ndi phala, madzi otentha kapena moto wophikira pakhomo pawo.

Mwa akuluakulu, gulu lalikulu ndi la odwala khunyu amene amagwera pamoto matenda akawagwira. Zilonda zawo zimakhala zakuya chifukwa sadziwa kuti akupsa, komanso chifukwa cha chikhulupiriro chakuti wogwira munthu wakugwa amatenga matendawo. Khunyu sapatsirana. Wogwera pamoto akokedwe nthawi yomweyo, ndipo wodwala khunyu azimwa mankhwala a kuchipatala mosadukiza, asaphike kapena kuotha moto ali yekha.

Zimene khonsolo ndi midzi zingachite

Moto ukazima, nkhani imapita kwa nyakwawa ndi kupolisi, kenako kudzera m'makomiti oona za ngozi a m'mudzi ndi a m'dera la mfumu yaikulu mpaka ku ofesi ya bwanamkubwa, imene imalumikizana ndi nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, DoDMA. Lamulo latsopano la 2023 loyendetsa ntchitoyi limatsindika kupewa ngozi m'malo mongodikira kugawa thandizo. Makomitiwa anthu a ku Dwangwa anawaona akugwira ntchito pa madzi osefukira a kumapeto kwa Febuluwale 2024. Vuto n'lakuti madzi osefukira amagwetsa nyumba zambiri tsiku limodzi n'kumveka dziko lonse, pamene moto umadya nyumba ziwiri lero kwa Kanyenda, zitatu mwezi wamawa kwa Malengachanzi kapena kwa Mwadzama, osawerengedwa pamodzi. Chimene sichinalembedwe sichipatsidwa ndalama, choncho kaundula wa ngozi za moto wa boma lonse ndiye poyambira.

Kugula galimoto yozimitsira moto n'koyenera pa boma ndi ku Dwangwa, kumene kuli misika, masitolo, malo omwetsera mafuta, zipatala ndi sukulu zogonera komweko. Koma galimoto imafuna madalaivala ndi antchito a usana ndi usiku, mafuta, matayala ndi zipangizo zokonzera, ndipo zambiri zimene makhonsolo amalandira ngati mphatso zimakhala zakale, zovuta kupezera zitsulo. Galimoto imodzi pa boma singafike pa doko la njira ya mchenga mtunda wa makilomita 50 nyumba isanagwe. Kwa boma lotalika chotere, la madzi paliponse, chanzeru kuyamba nacho ndi mapampu onyamulika a injini, ofanana ndi amene alimi amathirira nawo mbewu m'madimba, okhala ndi mapaipi aatali, osungidwa pa madoko akuluakulu ndi m'misika pansi pa komiti yodziwika. Pamtengo wa galimoto imodzi pangagulidwe mapampu ambiri. Pambali pake pakhale migolo ya mchenga, ndowa, belu kapena chitsulo choimba, ndi achinyamata ophunzitsidwa ndi ozimitsa moto a ku Lilongwe kapena a bungwe la Red Cross, oyeserera kamodzi pachaka mwera usanayambe.

Zina sizifuna ndalama koma malamulo a khonsolo ndi a mafumu: njira zotakasuka pakati pa mabenchi a mumsika, malo okazingira tchipisi ndi nsomba otalikirana ndi ogulitsa zovala za kaunjika, kuletsa mafuta m'nyumba zogona, kulambula kuzungulira mudzi chaka chilichonse, ndi zitseko za m'mahositelo zotsegukira kunja, zosakhomedwa ndi loko ana ali m'kati. Wailesi ya m'bomali, mizikiti, matchalitchi ndi sukulu zingafalitse uthengawu mu Meyi, osati nyumba zitapsa kale. Njira yopemphera zida ilipo: nkhani imayambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, kupita ku ya dera, mpaka ku msonkhano wa khonsolo kumene makhansala ndi aphungu amavomereza ndondomeko ya chitukuko ndi bajeti. Anthu a m'madoko ndi m'misika ya Nkhotakota amene akufuna pampu ndi mapaipi ayenera kuonetsetsa kuti pempho lawo lalembedwa mu ndondomeko imeneyo bajeti ya chaka chamawa isanakambidwe.